Mbali Yolemera

Kudepoti ya simenti ankamuitana kuti Mayo, ndipo dzinali analitola tsiku lomwe anayamba ntchito. Thumba linaterereka paphewa n'kumutera pachala cha kuphazi, iye n'kukuwa kuitana amayi ake, munthu wandevu zake, pamaso pa gulu lonse la onyamula katundu. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Dzina la kuntchito silichoka ndi sopo, moti imvi zinachita kumera m'mutu mwake akadali Mayo. Ngakhale mkazi wake, akafuna kumuseka, ankamutchula momwemo.

Sikuti anali wamantha. Kungoti anakulira m'nyumba momwe ululu unkalengezedwa. Amayi ake anali munthu woti ukangotsokomola kamodzi atulukira kale pakhomo, manja ali thovu lokhalokha: watani, pakupweteka pati, tandionetsa. Ukati palibe, ankakukumbutsa kuti safunsa anadya phula, n'kukufunsanso. Kwawoko aliyense ankadziwa dzino la mnzake lomwe likugwedera ndi bondo lomwe limavuta kukazizira. Mayo anakula akudziwa kuti munthu ukamukonda umamufunsa, ndipo khalidwe limenelo anapita nalo kudepoti.

Kudepotiko ntchito inali ya tsiku ndi tsiku. M'mawa amuna ankandanda kunja kwa geti, kalaliki n'kutuluka n'kumayenda kutsogolo kwawo akuloza ndi chala: iwe, iwe, iwe. Nkhope sankaziyang'ana. Ankayang'ana miyendo, kaimidwe, ndi mmene munthu akudzukira ngati anakhala pansi. Eni depoti anali atatopa ndi anthu ovulalira pantchito, ndiye lamulo lawo, lomwe silinalembedwe paliponse, linali loti wodwala asalowe. Chala chikakudumpha kamodzi chifukwa cha matenda, chinkazolowera kukudumpha.

M'kati ntchito inali patatu. Opatsira ankaima awiriawiri palole, uyu kugwira thumba mbali iyi uyu mbali iyo, n'kuliika paphewa pa wosenza. Wosenza ankatsika nalo pathabwa lonjenjemera, kudutsa pabwalo, n'kukalipereka kwa osanja m'shedi, momwe fumbi linali lochita kutafuna. Kalaliki m'shedimo sankalowamo, ankasamala malaya ake oyera.

Amene anamuphunzitsa ntchito Mayo anali mdala wina yemwe ankamutcha Ngolo, chifukwa ankati chilichonse chomwe ungamukweze amapita nacho. Ndiye anamuonetsa kulandira thumba ndi mawondo osati ndi msana, kupinda chiguduli paphewa kuti simenti isadye khungu, ndi kutsika thabwa motsatira kudumpha kwake m'malo molimbana nalo. Masana ankamugawira chakudya akaona kuti wabwera chimanjamanja. Mayo anamukonda mdalayo ngati bambo ake omubereka.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, anaona Ngolo akubwerera kulole dzanja lili m'munsi mwa mimba, milomo itauma. Kalaliki anali chiimire pambali pa loleyo akuonerera matumba akutsika. Mayo anatula thumba lake pansi.

"Mdala, mwatani? Kuyambira m'mawa mwangogwira pamimba. Chikukupwetekani n'chiyani? Bwanji mukaonane ndi adokotala?"

Ananena mokweza chifukwa injini inkalira. Opatsira anaima thumba lili m'malere. Kalaliki anadzutsa mutu.

"Ndili bwino, mwana iwe," anatero Ngolo osamuyang'ana. "Tola thumba lako."

M'mawa mwake chala chinamudumpha Ngolo. Anabweranso tsiku linalo atameta ndevu, ataima njo ngati msilikali, chala n'kumudumphanso. Anakhala akubwera mpaka nyengo yozizira inatha, kenako anasiya. Ndi pamene Mayo anamva kuti mdalayo anali ndi chotupa m'mphechepeche kwa zaka, ndipo gulu lonse linkadziwa. Ankamupatsira thumba mofatsa, lole ikakhala yaitali ankamulowetsa kwa osanja, kalaliki akayandikira wina ankayambitsa nthabwala kuti maso apite kwina. Zonsezo mwana wa dzulodzulo anazigumula ndi funso la chifundo.

Ngolo anatsirizira pakhoma la msika akusoka matumba akale, mkazi ndi ana atabalalikira kwa achibale. Mayo anapitako kamodzi kukapepesa. Anaima pamenepo chipewa chili m'manja, mdalayo akungolowetsa singano ndi kukoka ulusi.

"Pita, ungachedwe kugeti," anatero Ngolo pamapeto pake. Sanakhalitse, chaka chisanathe anamwalira.

Gulu la kudepoti silinamumenye Mayo. Likanamumenya bola. Anangosiya kumuona. Opatsira ankamuponyera thumba m'malo momuikira, moti madzulo ankafika kunyumba khosi litauma gwa. Pa nkhomaliro akayandikira, anthu ankasuntha ndi mbale zawo. Moni wake ankagwera pansi. Zinakhala choncho mpaka kapitawo wa gululo, munthu wosalankhulalankhula wa khutu limodzi logontha, anamukokera kuseri kwa shedi.

"Tamvera, iwe Mayo. Chifundo chinapha msemamitondo. Kuno mnzako akamatsimphina, maso ako aone koma pakamwa pako pasaone. Ukamufunsa wamuvula pagulu. Iwe ungogwira mbali yolemera, basi. Akafuna kunena anena yekha."

"Nanga akapanda kunena?"

"Ndiye kuti ali ndi chifukwa chake. Ndiwe ndani iwe?"

Kapitawoyo ankanena zoona za kudepoti. Chomwe chimakwiyitsa n'chakuti panalibe amene anamuuza mnyamatayo kuti cholakwika sichinali funsolo ayi, koma kalaliki amene anali chiimire pafupi. Iye anangomva kuti kufunsa kumapha, ndipo umboni wake anali atauona pakhoma la msika.

Phunziro la mawu likanatha kuiwalika. Lomwe linakhazikika linabwera patapita zaka, tsiku lomwe china chake chinadumpha mumsana mwake ali pakati pa thabwa. Thumba anafika nalo kwa osanja mano atalumana, osatulutsa ngakhale kampweya. Palibe anamuyang'ana. Koma thumba lotsatira linatera paphewa pake ngati akugoneka khanda, ndipo asanabwerere kulole kapitawo anakuwa kuti m'shedi mwachepa anthu, Mayo alowe. M'mawa pageti anzake awiri anamupanikiza uku ndi uku, mapewa awo atamuchirikiza, mpaka chala chinamuloza. Anamubisa choncho mpaka msana unapola, osamufunsa n'komwe kuti wadzuka bwanji. Tsiku lina m'fumbi la m'shedimo Mayo analira, misozi ikupanga matope pamasaya, ndipo osanja anzake anatembenuka n'kuyamba kukangana za mpira. Chikondi chotere anali asanachionepo, ndipo tisanamizane, chinali chikondi chenicheni. Kuyambira pamenepo panalibe womuposa pagulupo pa kuona osafunsa.

Amayi ake anazindikira kusinthako asanamwalire. Atabwera kudzacheza anamuona akudzuka pampando mogwirira khoma, ndipo anayamba mafunso awo aja. Iye anati ali bwino. Anafunsanso, iye n'kuti ali bwino. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mwana amene anamulera iwo ankadziwa kuyankha, uyu sakumudziwa.

Mkazi wa Mayo anali wochapa zovala za anthu. Anakumana pampopi, mkaziyo n'kumufunsa ngati nsidze zake zoyera ndi simentizo anabadwa nazo kapena ndi ukalamba wofulumira. Anali wanthabwala, woseka ndi thupi lonse, ndipo masiku oyamba a banja ankadandaula ngati munthu wina aliyense. Ankanena kuti sopo wamudya zala, kuti mabulangete a kunyumba ya geti lobiriwira amuthyola msana. Mayo sankayankha. Ankangodzuka n'kukatunga madzi, kapena kugwira mbali ina ya bulangete kuti afinye awiri. Munthu sungamadandaulire khoma mpaka kalekale, ngakhale khomalo litakhala lokutungira madzi. Pang'ono ndi pang'ono mkaziyo anasiya kunena, kenako anayamba kunyadira kusanenako. Amayi anzake pampopi akamabuula za chiuno, iye ankati kwawo alibe nthawi yodwala. Mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anali naye, anakula akuona zimenezi, moti tsiku lina atapsa ndi simbi pamkono anangokokera malaya pachilondapo n'kupita kusukulu.

Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kumapeto kwa mdadada wa nyumba za lendi, chingwe choyanikira chitamangidwa kuchokera pawindo lawo kukafika papholo ya magetsi. Pakhomo pankanunkhira sopo ndi makala a m'simbi. Linali banja labata, loti aneba ankalitchula akafuna kuchititsa manyazi amuna awo.

Mvula ya chaka china itayamba, mwana ali kusekondale, Mayo anaona mkazi wake akufinya malaya ndi dzanja lamanzere, lamanja atalitalikitsa pang'ono ndi thupi. Maso ophunzitsidwa kudepoti saphonya zotero. Anaona kuti wasiya kugonera kumanja. Anaona kuti akamavala amayang'ana kukhoma, chinthu chomwe sankachita ngakhale atangokwatirana kumene. Tsiku lina akupatsana ndowa, chigongono chake chinakhudza bere la mkaziyo, mkaziyo n'kukoka mpweya ndi mano, n'kuyamba kanyimbo kuti abise. Kanthu kolimba m'beremo Mayo anali atakamva kale ndi dzanja lake, monga mwamuna wa m'nyumba. Anadziwa kuti si kosewera nako, ndipo mantha anamugwira.

Ndiye anachita chomwe ankadziwa. Anayamba kulawirira kudzaza migolo yonse asanapite kugeti. Anamasula chingwe choyanikira n'kuchimanga m'munsi kuti mkono usamakwere, mkazi atafunsa iye n'kuti pholo yayamba kupendekeka. Mabulangete ndi makatani ankafinya yekha akaweruka. Loweruka ankasenza mtolo wa zosita kukapereka m'nyumba za eni ake, bambo wamkulu ndi imvi zake, amuna a pakona akumufunsa kuti kodi kunyumbako akumudyetsa chiyani. Iye ankangoseka. M'mutu mwake nkhani inali yowongoka: mkazi wabisa, ndiye kuti ali ndi chifukwa chake. Eni zovala akamva kuti wochapa ali ndi chilonda, ndani angamupatsenso nsalu za pabedi pake? Akafuna kunena anena yekha.

Mvula inatha, kunazizira, kunatentha. Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kunayamba kupezeka tinsanza tochapidwa patokha, toyanikidwa pamsomali pomwe dzuwa silifika. M'chipindamo munabwera kafungo komwe sopo wa masiku onse sankakatha. Mayo anagula sopo wonunkhira n'kumuika pawindo osanena kanthu. Anagulanso mapiritsi opha ululu, n'kunena kuti ndi a msana wake, n'kuwasiya poonekera. Akatha ankagula ena.

Mwana nayenso anali ndi maso. M'mawa wina anamutsatira bambo ake kumpopi, n'kuima pambali akusewera ndi chogwirira cha ndowa.

"Ababa, amayi aja..."

"Amayi ako atopa. Usawavutitse ndi mafunso. Ukaweruka uzifulumira kudzawathandiza kusita."

Mwanayo anagwedeza mutu n'kusenza ndowa. Sanayambitsenso nkhaniyo.

Kamodzi kokha funso linafika pamilomo ya Mayo. Linali Lamlungu masana, mkaziyo akusita pathebulo, simbi n'kumupulumuka, makala n'kumwazikira pansi. Anagwira m'mphepete mwa thebulo maso atatseka. Atawatsegula anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, osaphethira. Mayo anatsegula pakamwa. Koma anaona Ngolo ataima njo pageti, ndevu atameta, ndipo mawu anabwerera okha.

"Khalani pansi, amake mwana," anatero. "Lero ndisite ndine, muone kuti sindinakukwatireni chifukwa chosowa wondisitira."

Anawotcha kolala ya malaya a eni. Mkaziyo anaseka pang'ono, kenako analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Panali munthu mmodzi amene akanatha kuswa zimenezi, ndipo anabwera. Anali mkulu wake wa mkaziyo, wophika kusukulu ina kutsidya kwa tawuni, mayi wa mawu odzaza holo, wosadziwa kuzungulira nkhani. Atangolowa anaika chikwama pansi n'kuyang'ana mng'ono wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, m'bale wangayu mukumudyetsa mphepo? Watha chonchi bwanji? Iwe, tabwera apa pawindo ndikuone bwino."

Mayo anaona mkazi wake akubisa mkono kuseri kwa mpando, ndipo thupi lake linadziwa lokha chochita. Anaimirira pakati pa awiriwo, msana wake waukuluwo utatseka kuwala kwa pawindo.

"Alamu, mwayamba liti kuyeza anthu pasikelo? Inu ndi amene mwatidyera tonse. Ana asukulu aja mukuwasiyirako kanthu?"

"Ndisiyeni ine, ndikufunsa za uyu. Ukudwala, iwe?"

"Ndi ntchito chabe," anayankha Mayo mkazi asanatsegule pakamwa. "Nyengo ino zovala zachuluka. Ndikuwathandiza, afunseni aneba. Tabwerani muone mmene ndamangira chingwe, mwina mungakaphunzitse amuna anu aja."

Anamutulutsa panja, anamuseketsa, anamugulira zoziziritsa kukhosi, anamufunsa za ana ake mmodzimmodzi. Pofika nthawi yonyamuka mlamuyo nthiti zinali zitawawa ndi kuseka. Pakhomo anacheuka komaliza.

"Ulidi bwino?"

Mkaziyo anayamba wayang'ana mwamuna wake. "Ndili bwino, achemwali."

Mayo anaperekeza mlamu wake mpaka pokwerera basi, ndipo pobwerera ankayenda mopepuka. Zimapweteka kunena, koma tsiku limenelo ananyadira. Ankaona kuti wamuteteza mkazi wake monga mmene anzake anamutetezera iye pageti, osazindikira kuti amene wamukwezayo basi sanali kalaliki.

Mvula itayambanso, mkaziyo anagwa pansi pa chingwe, nsalu yonyowa ili m'manja. Mwana anaimbira foni amayi ake aakulu, chifukwa kudepoti mafoni amatsala pageti. Mlamuyo atafika anati amumasule bulauzi kuti apume bwino, ndipo zomwe anapeza pansi pa tinsanza zinamukhalitsa pansi. Anaitana galimoto nthawi yomweyo.

Mayo anafika kuchipatala dzuwa likulowa, ali mbuu ndi simenti. Dokotala, mayi wachitsikana wa maso otopa, anamuitanira m'kachipinda pamodzi ndi mlamu wake. Anati ndi khansa, ndipo mmene ikuonekera yafalikira kale m'thupi, moti chomwe chatsala n'kuchepetsa ululu. Anawonjezera, mosakalipa, kuti zoterezi munthu akabwera nazo kachotupa kakadali kakang'ono, ambiri amachira.

Mlamu anadikira mpaka afike pabedi la wodwalayo. Sanakuwe, ndipo kwa amene ankamudziwa zimenezo zinali zoopsa kuposa kukuwa.

"Alamu, mumagona chipinda chimodzi ndi munthuyu. Maso mulibe? Mphuno mulibe?"

"Asiyeni, achemwali," anatero mkaziyo ndi mawu otsika. "Sanadziwe. Ndinkabisa ndine."

Mayo anayang'ana pansi, pomwe nsapato zake zinasiya fumbi loyera kuchokera pakhomo la wodi.

Masiku otsatira kugeti sanapiteko. Ankafika nthawi yoona odwala n'kukhala pampando wachitsulo pambali pa bedi. Kumutembenuza wodwala inali ntchito yake. Anamwino ankati sanaonepo mwamuna wodziwa kunyamula munthu chonchi: dzanja lina pansi pa mapewa, lina pansi pa chiuno, osagwedeza, osakhudza pomwe pali bala. Mkaziyo ankati akamunyamula mwamuna wake ululu umachepa, ndipo ankamudikira ngakhale mbali yomwe wagonera itachita dzanzi.

Tsiku lina masana, mlamu atatuluka kukatsuka mbale, mwana ali kusukulu, mkaziyo anamugwira chala.

"Bambo ake, ndikuona mukudziimba mlandu. Lekani. Amuna simuona zinthu, ndi mmene munabadwira." Anapuma kaye. "Wopusa ndinali ine. Ndinkaopa mpeni wa madokotala, ndinkaopa kubwera kuno ndekha. Tsiku lililonse ndinkati akangondifunsa ndinena zonse, andigwire dzanja tipite. Tsiku la simbi lija ndinatsala pang'ono. Koma ndinati munthu wotopa kale ndimusenzetsenso chiyani, poti sakuona. Ndiye musadandaule. Simunadziwe."

Akanatha kukhala chete. Kukhala chete ndiko ankakudziwa kuposa china chilichonse. Koma zinamupweteka kuti mkazi wake apite akuganiza kuti anakhala ndi mwamuna wakhungu, wosasamala. Anafuna adziwe kuti sanali yekha, ndipo anazinena ngati munthu wopereka mphatso.

"Ndinkaona, amake mwana."

"Mwati?"

"Ndinkaona zonse. Pholo ija sinapendekeke, chingwe ndinatsitsa dala. Mapiritsi aja sanali a msana wanga. Tsiku lomwe anabwera alamu ndinaima pawindo kuti asakuoneni. Sindinakusiyeni nokha ngakhale tsiku limodzi."

Mkaziyo anatembenuza mutu n'kumuyang'ana. Pabedi loyandikana wina ankatakasa tiyi m'kapu yachitsulo.

"Kuyambira liti?"

"Mvula ya chaka chatha itangoyamba."

"Mvula ya chaka chatha," anabwereza. Chala chija anachisiya pang'onopang'ono. "Nthawi imeneyo kanali ngati nyemba."

"Ndinkati mukafuna munena nokha. Ndinkakulemekezani."

"Munkandiyang'ana ndikuwola."

Sananene mokwiya. Ananena mofatsa, ngati akudziuza yekha. Mayo anafuna kufotokoza za Ngolo, za geti, za chala cha kalaliki, za anzake omwe anamuchirikiza ndi mapewa. Koma m'wodimo, pakati pa fungo la mankhwala, zonsezo zinaoneka zazing'ono ndi zakutali, nkhani za amuna ndi matumba awo. Anakhala pampandopo manja ali pamawondo, ndipo manyazi omwe anamva anali asanawamvepo chibadwire.

Patapita kanthawi mkaziyo anayamba kusuntha mapewa, kusonyeza kuti mbali yomwe wagonera yatopa. Mayo anaimirira, anapinda mikono ya malaya, n'kuwerama.

"Ayi," anatero mkaziyo maso ali kudenga. "Kaitaneni achemwali."

"Alamu sangathe. Akupwetekani."

"Kaitaneni."

Anakawaitana kumipopi. Mlamu ndi namwino anamutembenuza awiri, movutikira, akukoka nsalu uku ndi uku, ndipo Mayo ali pakhonde anamva mkazi wake akubuula mokweza, kubuula komwe m'nyumba mwawo sikunamvekepo. Anakhalabe ndi moyo masabata angapo. Mayo ankabwera masana aliwonse, mkaziyo ankamulonjera mwaulemu n'kumufunsa ngati mwana wadya. Koma mpaka tsiku lomwe anamwalira, nthawi yomutembenuza ikakwana, Mayo ankatuluka kukaima pakhonde.